Ndege za asilikali zikanyamula anthu wamba: za ku Libreville ndi za ku Chikangawa

Mdzukulu wa ku Chadiza:
Muli bwanji nonse akuluakulu. Loweruka ndinaperekeza amalume anga ku Heroes Acre, pafupi ndi Independence Stadium kuno ku Lusaka. Akulu aja mpira anayamba kuukonda nthawi ya KK Eleven, ndipo akabwera m'tauni sabwerera kumudzi asanakaone manda a timu ya dziko la Zambia yomwe inafa pa ngozi ya ndege mu 1993. Tinayenda manda onse, iwo akutchula mayina ngati akuitana ana a m'nyumba mwawo: Efford Chabala, Wisdom Chansa, Kelvin Mutale, a Ucar Chitalu. Tili mu basi pobwerera anandifunsa funso lomwe linandikanika. Akuti, "Iwe mphwanga, ndege ya asilikali athu a ZAF inatimalizira timu, ndege ya asilikali a ku Malawi yatenga a Chilima ku Chikangawa. Kodi ndege za asilikali zimagwa kuposa zinazi, kapena timangozimva kwambiri poti zimanyamula anthu otchuka?" Ndinangoti ndikafunsa anzanga. Ndiye ndafunsa.

Kadzidzi:
Achimwene, za ku Chikangawa musaziike mtanga umodzi ndi za ku Gabon. Ena a ife mpaka lero sitinakhutire kuti ija inali ngozi chabe.

Nyakwawa wa gulu:
A Kadzidzi, kukayika n'kololedwa, koma kuloza munthu chala popanda umboni ayi. Amene atchule dzina la munthu kuti ndiye anachita, ndichotsa uthengawo. Pitirizani.

Makaniko wopuma:
Zikomo a Nyakwawa. Ine ndinagwirapo ntchito yokonza ndege zing'onozing'ono za anthu wamba, osati za asilikali, choncho ndilankhula zomwe ndinawerenga m'malipoti ndi zomwe ntchito inandiphunzitsa. Funso la amalumewo ndi lovuta pa chifukwa chimodzi. Kuti munene kuti gulu lakuti limachita ngozi pafupipafupi, simuwerenga ngozi zokha. Mumafunika kudziwanso maola omwe ndege zawo zauluka. Asilikali a ndege a ku America amawerengera ngozi zikuluzikulu pa maola 100,000 aliwonse a kuuluka ndipo chiwerengerocho amachitulutsa poyera chaka ndi chaka. Gulu lomwe lili ndi ndege zochepa, zouluka mwa apo ndi apo, likhoza kutha zaka khumi osagwetsa ndege, anthu n'kumati lili bwino, pomwe kungoti ndegezo zimangokhala pansi. Ndipo kukhala pansi kumeneko ndi vuto palokha, chifukwa woyendetsa ndege amene sauluka kawirikawiri dzanja limazizira.

Chachiwiri, chomwe ambiri sadziwa: malamulo a ICAO, bungwe la dziko lonse loona za ndege za anthu wamba, omwe amakakamiza makampani a ndege kuika black box (chipangizo chojambula mawu a oyendetsa ndi kayendedwe ka ndege), kupumitsa oyendetsa, ndi kufufuza ngozi poyera, sakhudza ndege za asilikali. Pangano la ku Chicago la 1944 linaziika pambali ndege za boma ngati za asilikali, za apolisi ndi za kasitomu. Asilikali amadziikira malamulo okha n'kudziyang'anira okha. Pa nkhondo zimenezo n'zomveka. Koma ndege yomweyo ikanyamula osewera mpira kapena wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anthuwo akwera chinthu chomwe a Civil Aviation, oyang'anira ndege za anthu wamba, alibe nacho mphamvu.

Nachisale ku Leeds:
Bambo Makaniko, ndiye mukutanthauza kuti ndege ya a Chilima inalibe black box, ndipo panalibe lamulo lomwe linaswedwa?

Makaniko wopuma:
Ndi zomwe a BFU analemba, mayi. BFU ndi bungwe la boma la Germany lofufuza ngozi za ndege, ndipo anabwera chifukwa ndege ya a Chilima, Dornier 228, ndi yopangidwa kwawo. Mu lipoti lawo loyamba la mu Ogasiti 2024 ananena kuti ndegeyo, nambala MAF-T03, inalibe chojambula mawu a oyendetsa, inalibenso chojambula kayendedwe ka ndege, ndipo malamulo sanali kuikakamiza kukhala nazo. Koma chomwe chinandiwawa ine monga makaniko ndi ELT. Ndi kachipangizo komwe ndege ikamenya pansi kamayamba kulira pa wailesi kuti ofunafuna adziwe kolowera. Kanalimo m'ndegemo, koma batire yake inatha ntchito mu 2004. Zaka 20. Ndege ya kampani yokhala ndi ELT yotero woyendera saisainira, imagona pansi mpaka mutagula.

Dalaivala wa M1:
Apa ndiye ndilowepo ine. Msewu wa Chikangawa ndauyenda ndi thiraki zaka zambiri, usiku ndi usana. Amene sanadutseko mu Juni sangamvetse. Chifunga cha kumeneko sichibwera pang'onopang'ono ngati cha ku Dedza. Mukuyenda bwinobwino, kukhota kamodzi basi, kutsogolo kwayera ngati mwalowa m'thumba la ufa. Ndinagonapo m'mbali mwa msewu kufupi ndi Raiply mpaka 10 koloko m'mawa chifukwa sindinkaona ngakhale mzere woyera wa pamsewu. Bwana wanga wa nthawi imeneyo anandiimbira kasanu kundikalipira kuti katundu wachedwa, ine n'kumuuza kuti bwana bwerani muyendetse nokha. Ine ndili ndi mabuleki, ndikhoza kuima. Nanga wa m'ndege aima pati?

Kadzidzi:
Chifunga tonse tikuchidziwa, madala. Koma ndege yomweyo, oyendetsa omwewo, anachoka ku Mzuzu m'mawa womwewo kubwera ku Lilongwe bwinobwino. Anali atapititsa thupi la a Ralph Kasambara dzulo lake. Ndiye njira ankaidziwa, nyengo anaiona ndi maso awo. Inanyamuka pa bwalo la KIA ku Lilongwe 9:17 kupita kumaliro omwewo, imayenera kutera ku Mzuzu 10:02. Ulendo wa mphindi 45 zokha. Kenako dziko lonse likufunafuna tsiku lathunthu, choyamba kutiuza kuti munali anthu 10, kenako 9. Munthu asakayike bwanji?

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni:
A Kadzidzi, mfundo yanu yoti anadutsa m'mawa womwewo ine ndimaiona mosiyana. Nthawi zina chomwe chimapha munthu ndi chomwecho: ndadutsa posachedwapa, ndidutsanso. Kuno tsiku limenelo kunali kozizira, kamvula kowaza, mapiri osaoneka. A BFU anatenga GPS ya m'manja yomwe oyendetsa ankagwiritsa ntchito n'kuwerenga njira yonse yomwe ndege inayenda. Inaonetsa ndege ikutsika, ikukwera, ikukhota, ngati munthu wofuna mpata pakati pa mitambo. Lipoti lomaliza la mu Juni 2025 linati anapitiriza ulendo ali m'munsi kwambiri m'nyengo yoipa mpaka kulowa m'mitambo, osadziwa bwino kuti phiri lili pafupi bwanji, komanso kukonzekera ulendo kunali koperewera. Komishoni ya Justice Jabbar Alide, yomwe inatulutsa lipoti mu Disembala 2024, nayonso sinapeze umboni wa chiwembu. Mukhoza kukayikira komishoni yosankhidwa ndi boma, ndikumvetsa. Koma a ku Germany aja anali ndi phindu lanji potinamiza?

Kadzidzi:
Aphunzitsi, sindinati a ku Germany ananama. Ndikuti anapatsidwa zochepa zoti afufuzire. Black box palibe. Zokambirana za pa wailesi pakati pa ndege ndi a pa bwalo ku Lilongwe sizinajambulidwe, iwo omwe analemba zimenezo. Ndiye munthu ukafunsa kuti oyendetsa ankakambirana chiyani mphindi zomaliza, kapena ngati wina ankawakakamiza kuti afike basi poti maliro akudikira, ndani angayankhe?

Makaniko wopuma:
Apa a Kadzidzi mwalasa, ndipo ine ndi inu tikugwirizana kuposa momwe mukuganizira. Kusowa kwa zojambulazo ndi komwe kwabereka mphekesera zonsezi. Pakanakhala mawu a mu cockpit, mokhala oyendetsa, bwenzi mabanja atamva okha, nkhani n'kutha. Koma onani kusiyana: inu mukuti umboni kulibe ndiye pali wina anaubisa. Ine ndikuti umboni kulibe chifukwa kwa zaka zambiri panalibe amene anaugulira zipangizo. Batire yotha mu 2004 sinaikidwe dala kudikira a Chilima. Inadutsa maboma onse, kuyambira a Muluzi akutuluka, a Bingu, amayi Joyce Banda, a Peter Mutharika, a Chakwera. Aliyense amene anakwera ndege ija m'zaka zimenezo, kaya nduna, kaya wodwala, kaya msilikali, anakwera ndi ELT yakufa. Ine zimenezi ndi zomwe zimandiopsa kuposa chiwembu. Chiwembu chimafuna munthu mmodzi. Izi zimafuna aliyense.

Namaseko:
Ine ndinali ku Nsipe tsiku loika maliro, pa 17 Juni. Sindifuna kulowa m'zotsutsanazi, mtima sunapole. Ndingokumbutsa kuti munali anthu 9, osati mmodzi. Munali mayi Shanil Dzimbiri, munali achitetezo ndi othandizira, munali asilikali atatu oyendetsa ndegeyo omwe nawonso anasiya ana. Tikamati "oyendetsa analakwitsa" tizikumbukira kuti iwowo sangabwere kudzafotokoza mbali yawo.

Mdzukulu wa ku Chadiza:
Pepani achemwali, mwanena zoona. Ndipo n'chimodzimodzi kwathu kuno. Lipoti la ku Gabon nalonso mlandu waukulu linaukankhira kwa woyendetsa amene anafera momwemo. Mwina ndifotokoze kwa ang'onoang'ono omwe anabadwa pambuyo pake. Inali Buffalo ya ZAF, DHC-5D, nambala AF-319. Timu imapita ku Dakar kukasewera ndi Senegal masewero opitira ku World Cup ya 1994. Bungwe la mpira la FAZ linalibe ndalama za ndege ya kampani, ndiye anapempha ya asilikali monga mwa chizolowezi. Buffalo si ndege ya ulendo wautali chonchija, ndi yonyamula katundu ndi asilikali n'kutera pa mabwalo afumbi, choncho inayenera kuima ku Brazzaville, ku Libreville ndi ku Abidjan kumwa mafuta. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, itangonyamuka ku Libreville, inagwera m'nyanja pafupifupi mamita 500 kuchokera kumtunda. Anthu 30 onse, osewera 18. Kalusha anapulumuka poti anali ku PSV ku Holland ndipo amayenera kukakumana nawo ku Dakar komweko.

Nachisale ku Leeds:
Chinavuta n'chiyani kwenikweni? Ine ndinkangomva kuti inaphulika.

Mdzukulu wa ku Chadiza:
Lipoti linati injini ya kumanzere inagwira moto, woyendetsa n'kuzimitsa ya kumanja, yomwe inali yabwino. Ndege n'kutsala yopanda mphamvu ili m'mwamba pang'ono chabe. Linatchulanso kutopa, chifukwa woyendetsa yemweyo anali atangobwera ndi timu kuchokera ku Mauritius, komwe tinawina 3-0 Kelvin Mutale atagoletsa zonse zitatu. Ndegeyo inayamba ntchito mu 1975, ndipo inali itakhala pansi miyezi ingapo mpaka masiku ochepa ulendowu usanachitike. Koma chomwe amalume anga amalira nacho si injini ayi. Ndi zaka khumi. Lipoti linatuluka mu 2003. Zaka khumi amasiye akungomva za m'maluwa: ena akuti asilikali a ku Gabon anaiwombera poiyesa ya adani, ena akuti munali bomba. Ubale wa Zambia ndi Gabon unafika poipa chifukwa cha zimenezi. Mabanja anachita kupita kukhoti kuti alandire chipukuta misozi. Ndiye a Kadzidzi, inu a ku Malawi munalandira lipoti loyamba pasanathe miyezi itatu. Ife tikanalandira chotero bwenzi tikuvina.

Makaniko wopuma:
Nkhani yozimitsa injini yabwino ija anthu asaiyese umbuli wa kuno ku Africa. Zinachitika ku Kegworth ku England mu Januwale 1989 pa Boeing 737 ya British Midland, anthu 47 anafa. Zinachitikanso ku Taipei mu 2015 pa ndege ya TransAsia. Usiku, ndege ikunjenjemera, mabelu akulira, uli ndi masekondi ochepa, ndipo ngati sunagone bwino ubongo umagwira chomwe wayamba kuganiza. N'chifukwa chake makampani amatumiza oyendetsa ku simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege uli pansi, miyezi ingapo iliyonse kukazimitsiridwa injini dala mpaka dzanja lizolowere, ndipo amaletsa munthu kuuluka kupyola maola akuti asanapume. Zimenezi zimadya ndalama zakunja. Bajeti ikachepa, choyamba kudulidwa ndi maphunziro ndi masipeyala, chifukwa palibe amaona. Yunifolomu ndi perete ndiye zimaoneka.

Kadzidzi:
Ndiye yankho ndi loti ndife osauka basi? Ndatopa nayo nyimbo imeneyo.

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni:
Umphawi wokha ayi. Taonani Poland, dziko la NATO. Mu Januwale 2008 ndege yawo ya asilikali, CASA C-295, inagwa ikufuna kutera ku Mirosławiec, anthu 20 n'kufa, ambiri akuluakulu a asilikali a ndege. Ankachokera kuti? Ku msonkhano wokambirana za chitetezo cha paulendo wa ndege. Patangotha zaka ziwiri, pa 10 Epulo 2010, Tu-154 ya asilikali omwewo inagwa ku Smolensk m'chifunga, anthu onse 96, kuphatikizapo pulezidenti Lech Kaczyński, n'kutha. Nawonso ankathamangira mwambo wokumbukira akufa, wa ku Katyn, ndipo nawonso anatsika m'munsi mopyola muyeso osaona pansi. Kumeneko black box inalipo, koma mpaka lero theka la dziko limakangana za chiwembu, ndiye a Makaniko musatilonjeze kwambiri kuti mawu a mu cockpit akanatseka pakamwa aliyense. Chomwe ndimawasirira ndi zomwe anachita pambuyo pake. Lipoti la boma lawo litatuluka mu 2011, nduna ya zachitetezo Bogdan Klich inatula pansi udindo, ndipo gulu lonse la asilikali lomwe linkanyamula akuluakulu a boma linathetsedwa. Atsogoleri anayamba kukwera ndege za Embraer zobwereka ku kampani ya LOT, zoyendetsedwa ndi oyendetsa a kampani.

Makaniko wopuma:
Ndavomera aphunzitsi, pa black box paja ndinapitirira. Koma mwatchula chinthu chenicheni: mwambo ukudikira. Pa ntchito yathu timadziwa kuti ulendo woopsa kwambiri ndi womwe wokwera wake ndi bwana ndipo kutsogolo kuli anthu akhala kale pa mipando. Safunika kulankhula kanthu bwanayo. Kungokhala kumbuyoko n'kokwanira. Woyendetsa wa kampani akati nyengo yaipa sindipita, kumbuyo kwake kuli buku la malamulo ndi bungwe la oyendetsa anzake. Msilikali anaphunzitsidwa kuyambira tsiku loyamba kuti ntchito wapatsidwa iyenera kutheka. Kuti Major kapena Colonel auze wachiwiri kwa pulezidenti kuti bwana tibwerere, mukayende pa galimoto, pamafunika kuti akuluakulu ake akhale atamutsimikizira kalekale kuti akatero sadzafunsidwa mafunso.

Nachisale ku Leeds:
Ndikuwerenga izi thupi likuchita tsembwe, chifukwa mndandanda ukungotalika. Miyezi iwiri a Chilima asanamwalire, mkulu wa asilikali onse a ku Kenya, General Francis Ogolla, anafa pa helikopita ya Kenya Air Force, mu Epulo 2024. Ku Nigeria mkulu wa asilikali a pamtunda, Ibrahim Attahiru, anafera ku Kaduna mu Meyi 2021 pa ndege ya asilikali. Ku India General Bipin Rawat mu Disembala 2021, helikopita kulowa m'mitambo m'mapiri. Ku Ghana mu Ogasiti 2025 nduna ziwiri, ya zachitetezo ndi ya zachilengedwe, pa helikopita ya asilikali popita ku Obuasi. Anzanga a ku Ghana omwe ndimagwira nawo ntchito kuno analira ngati momwe tinalirira ife.

Dalaivala wa M1:
Nanga bwanji osangowagulira ndege yawoyawo atsogoleriwa? Ija ya a Bingu inalakwa chiyani?

Kadzidzi:
Madala, musatibwezere kumeneko. Falcon ija inagulidwa mu 2009, ma donor anakwiya, amayi Joyce Banda anaigulitsa mu 2013. Ndipo jeti ngati ija siikanathandiza pa ulendo wa ku Mzuzu. Vuto si mtundu wa ndege. Dornier ndi ndege yolimba, mayiko ambiri akuigwiritsabe ntchito.

Makaniko wopuma:
Zoona, ndipo ukalamba wa ndege pawokha si mlandu. Ndege ya m'ma 1980 yosamalidwa motsata buku ndi yabwino kuposa yatsopano yosowa masipeyala. Ndalama ya jeti imodzi ikhoza kugula ma ELT atsopano, zipangizo zochenjeza woyendetsa kuti phiri layandikira, zojambulira mawu pa nsanja za mabwalo athu, n'kutsalanso ya maphunziro. Kumbukirani nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, anthu atatsekeredwa ku Mulanje ndi ku Phalombe, tinachita kudalira ndege za ku Tanzania ndi ku Zambia kuti zifike komwe misewu inaduka. Nthambi ya ndege ya MDF timaikumbukira pakagwa tsoka basi. Chaka chonse palibe phungu amaimirira m'nyumba ya malamulo kufunsa kuti ku Zomba kuli ndege zingati zomwe zikuuluka, oyendetsa auluka maola angati chaka chino, ndipo zomwe a BFU analangiza zachitika zingati.

Kadzidzi:
Akafunsa adzawayankha kuti ndi chinsinsi cha chitetezo cha dziko.

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni:
Chinsinsi chikhale pa mfuti ndi pa mapulani a nkhondo. Tsiku lotha ntchito la batire si chinsinsi cha dziko. Ine ndinganene kuti lamulo likhale losavuta: ndege ya asilikali ikanyamula munthu wamba ngakhale mmodzi, iyendere malamulo a Civil Aviation, ndipo ikachita ngozi lipoti lituluke poyera pa nthawi yoikika. Akakhala okhaokha asilikali pa ntchito yawo, adziwa okha.

Namaseko:
Nanga asilikaliwo si ana a anthu, aphunzitsi? Mchimwene wa mnzanga ndi msilikali, amakwera ndege zomwezi. Mkazi wake nayenso amafuna abwereko.

Mphunzitsi wa ku Ekwendeni:
Mwandigwira mayi, ndalankhula mopupuluma. Ndimatanthauza za malamulo a pa nkhondo, osati kuti moyo wawo ndi wotchipa.

Mdzukulu wa ku Chadiza:
Zikomo nonse, ndawawerengera amalume pa foni mauthenga onsewa. Pa nkhani ya ELT anakhala chete nthawi yaitali. Kenako ayamba kundifotokozera za 2012, momwe anyamata a timu ya Zambia ya Hervé Renard anapitira kugombe ku Libreville kukaponya maluwa m'nyanja asanamenye Ivory Coast pa mapenate 8-7 mu ndime yomaliza ya Africa Cup, ndipo pano sakufuna kusiya, afika pa penate ya Stoppila Sunzu kachitatu. Koma akuti ndikufunseni a Makaniko: ka batire kameneko kamagulidwa ndalama zingati?

Makaniko wopuma:
Auzeni amalume kuti mtengo weniweni umatengera mtundu wake, ndipo ELT ya mu Dornier ija inali yachikale, yofunika kusinthidwa yonse ndi ya 406 MHz yomwe ma satellite amamva masiku ano. A BFU analemba kuti anauzidwa zoti panalibe masipeyala ngakhale bajeti yogulira yatsopano. Koma pa ndege zing'onozing'ono zomwe ndinkakonza ine, eni ake anali anthu wamba ndi mamishoni, ndipo ankagula.